Ndilibe MASM, ndipite kuti? Yankho kwa achimwene a ku Luchenza

Imelo yanu ndaiwerenga katatu, achimwene. Mwati miyezi inayi yatha tulo tosabwera, nsima yosalowa, njinga ya kabaza yangotsamira khoma, ndipo mukufunsa kumene munthu wopanda MASM, inshulansi ya kuchipatala ija, angapeze thandizo la matenda a maganizo osagulitsa mbuzi. Nditawerenga kachitatu ndinazimitsa foni n'kutuluka panja kaye, chifukwa mawu anu aja akuti "ndimalakalaka kunja kusache" anatulukapo pakamwa pangapa.

Zanga zinali mu 2023. Ndinali kalaliki pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Mulanje, wolemba makilogalamu pasikelo amayi akabwera ndi madengu a masamba. Ntchito inatha. Ndisanapume n'komwe, mu Marichi namondwe wa Freddy anafika, madzi n'kutsika m'phiri ndi miyala yoposa nyumba kukula. Mlamu wanga sitinamupeze mpaka lero. Chodabwitsa n'chakuti masiku amenewo ndinali wolimba ngati mwala. Ndinakumba nawo matope, ndinanyamula nawo maliro a anthu amene sindinkawadziwa, msozi osagwa ngakhale umodzi. Anthu ankati bambo uyu ndi mwamuna.

Chinthucho chinadzandigwira mu Juni, chiperoni chitayamba. Ndinkadzuka 2 koloko usiku n'kumawerenga misomali ya malata mpaka tambala. Mayi a kunyumba ankandiikira phala pampando pafupi ndi mphasa. Linkazizira, kuuma pamwamba, ntchentche kuchitapo msonkhano, ine ndikuliyang'ana. Njala ndinkaimva ndithu, koma mkono wotambasulira supuni unalibe mwini. Mwana wanga wamng'ono akabwera ndi kope lake kuti ndione zimene wakhoza, ndinkatembenukira kukhoma. Chimenecho chimandiwawabe.

Kuchipatala ndinapita, katatu konse, pa kachipatala kena kapafupi. Koma ndinkanena chiyani? "Mutu, adokotala, ndi kuphwanya m'thupi." Kubaya chala, malungo palibe, panado uyu, wotsatira. Poyamba ndinkawakwiyira. Lero ndimati wolakwa wamkulu ndinali ine. Mzere wafika mpaka pansi pa mtengo wa mango panja, iwe wanena mutu, akupatsenji? Amachiza chimene wawauza. Ife a kuno tili ndi liwu limodzi lokha lalikulu, misala, ndipo tikamva "maganizo" timaona munthu wovula akutola zinyalala pamsika wa Limbuli. Mwana akasokosa timati tikupititsa ku Zomba. Ndiye munthu wako bwinobwino, wa banja lako, ungayambe bwanji kunena kuti vuto lili m'mutu? Umangoti mutu.

Pano mundilole ndipse mtima pang'ono. Mwafunsa za thandizo lotchipa, koma ine ndalama zinandithera pa zimene aliyense amati n'zotchipa. Malume ananditengera kwa sing'anga kutsidya kwa Muloza, cha ku Milange: thiransipoti ya anthu awiri, nkhuku yakuda, ndalama ya "kutsegulira thumba". Ndinabwerako ndi mphini pachifuwa ndi dzina la mnansi amene akuti anandilodza, munthu wosalakwa amene mpaka pano ndimachita naye manyazi. Kenako mapemphero a usiku, botolo la madzi odalitsidwa, nalonso logula. Kenako kachasu, chifukwa yekhayo ankandigoneka maola atatu, ngakhale m'mawa ndinkadzuka mdima utawirikiza. Pothera pake katapila. Mukawonkhetsa zonsezi, ndikanapita ku Blantyre kangapo n'kubwerako ndi chenje.

Pemphero sindikulinyoza, ndine wa mpingo ndipo ndimaimba kwaya. Chimene ndikukana ndi kuuza munthu wodwala kuti chikhulupiriro chako chachepa. Wa shuga sitimuuza choncho. Wa BP timamuperekeza kukatenga mapiritsi. Nanga uyu walakwanji? Ndipo mawu akuti mwamuna salira, ndikanakhala mfumu ndikanawalipiritsa mbuzi. Tamverani apolisi akamalengeza za anthu odzipha: ambiri ndi amuna, ndipo pamaliro pamamveka zomwezomwezo, "koma sananenepo kanthu." Akanena bwanji, tinawatseka pakamwa ali ndi zaka zisanu?

Za MASM musadzione wotsalira. Pakati pa othyola tiyi, ogulitsa nanazi pamsewu, a kabaza anzanu, ndani ali nayo? Mwina mabwana a m'maofesi. Ndiponso si kuti thandizo lenileni limakhala m'chipinda cha makapeti mokha. Ku Harare dokotala wina, Dixon Chibanda, anayambitsa Friendship Bench mu 2006: agogo aakazi ophunzitsidwa pang'ono, kukhala pabenchi panja pa chipatala, kumvetsera anthu n'kuwathandiza kumasula mavuto limodzilimodzi. Matendawa kumeneko amawatcha kufungisisa, n'chimodzimodzi ife tikamati kuganiza kwambiri. Benchi langa linali khonde la mayi wina wa zaumoyo amene ankayenda m'mudzi kugawa kolorini nthawi ya kolera ija. Anandiyang'ana kamodzi n'kufunsa, "Bambo, mumagona?" Palibe anali atandifunsapo zimenezo. Ndinalira ngati mwana, iwo ali phee, osanditonthoza, osandilalikira. Nditatha anati, "Mawa mupite pa boma. Mukanene zimene mwandiuzazi, osati mutu."

Nditapita pa boma anandipatsa mankhwala otchedwa amitriptyline, omwa usiku. Sabata ziwiri zoyamba ndinangoona kukamwa kuuma ndi tulo tamasana, ndinatsala pang'ono kutaya. Mayi a kunyumba ndiwo ankasunga mapiritsiwo m'chikwama chawo n'kumandipatsa limodzilimodzi, chifukwa mankhwala amenewa ukamwa ambiri nthawi imodzi ndi oopsa, ndipo anamwino anawauza mosabisa. Chakumapeto kwa mwezi ndinapezeka ndikukonza mpini wa khasu osatumidwa ndi munthu.

Tsono yankho lanu

Chipatala cha boma ndi chaulere, kuonana ndi dokotala ngakhalenso mankhwala. Inu a ku Luchenza muli pakati, mutha kupita ku Thyolo kapena ku Mulanje pa boma. Tengani kabuku kanu ka kuchipatala, mukafunse anamwino kapena dokotala woona za matenda a maganizo, ndipo mukanene zonse: tulo, chakudya, miyezi inayi, ndi mawu aja a kunja kusache. Funsani tsiku la kiliniki yawo, komanso ngati amafikako kuchipatala chaching'ono chakwanu, kuti thiransipoti isakudyeni. Mankhwala ake, amitriptyline kapena fluoxetine, amachedwa kugwira, sabata zingapo, ndipo mukayamba kupeza bwino simusiya nokha. Amamwedwabe miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa. Akakhala atatha, apempheni akulembereni dzina ndi mlingo mukagule ku famase, osati pamsika. Zipatala za mishoni monga Malamulo ku Makwasa kapena Mulanje Mission zimalipiritsa, funsani mtengo musanalowe. Ku Zomba Mental Hospital amatumizako okhawo amene zawakulira, ambiri timachira tikugona kunyumba. Muthanso kuimbira Chipatala Cha Pa Foni, osalipira, kuti akuuzeni poyambira.

Koma ngati maganizo ofuna kudzichotsera moyo akubwera, musadikire tsiku la kiliniki. Uzani munthu mmodzi lero lomwe, mankhwala a m'munda ndi a makoswe akasungidwe kwa ena, ndipo akuperekezeni kuchipatala ngakhale ndi usiku.

Njinga ija musagulitse. Bwereketsani mnzanu wokhulupirika azikupatsani kangachepe madzulo, yomweyo ikhale ya minibasi. Mukabwerako mundilembere, ndikufuna kumva kuti mwakanena chiyani mutalowa m'chipindamo.