Funsani Akatswiri: Ntchito Yofufuza Miyala

Funso: Ndili Fomu 4. Ndimaona anthu onyamula hamala ndi mapu akukwera phiri la Malosa. Kodi amakatani, nanga ntchitoyi ndingailowe bwanji? Ndine mtsikana wa ku Chinamwali.

Yankho: Achemwali, muli pafupi ndi gwero, chifukwa anthuwo ndi ofufuza miyala, ndipo likulu la Geological Survey Department, nthambi ya boma yoona za ntchitoyi, lili mu Zomba momwemo. Maphunziro ake amapezeka ku Yunivesite ya Malawi ku Chirunga komanso ku MUST ku Thyolo. Limbikirani masamu, Physics, Chemistry ndi Geography.

Ntchitoyi ndi ya miyendo ndi kope. Gulu limalowa m'thengo pakati pa Meyi ndi Okotobala, makamaka tchire likapsa, poti miyala imaonekera ndipo mitsinje imawolokeka. Musanaswe mwala uliwonse, kaonekereni kwa amfumu, akupatseni munthu wodziwa njira ndi kumene kuli manda. Wolumpha mwambowu amabwezedwa, ndipo anthuwo salakwa.

M'chikwama mumakhala mapu a 1:50,000, kampasi, GPS, hamala, kagalasi kokulitsa ka 10, ndi kabotolo ka asidi wa hydrochloric wa 10 peresenti. Dontho limodzi pa mwala wa laimu wa ku Changalume limachita thovu pompo, koma pa mwala wa syenite wa m'phiri la Zomba silichita kanthu. Kunja kwa mwala kumakhala kowola ndi mvula, choncho usweni ndi kutenga chamkati, chachikulu ngati chibakera. Nambala ilembedwe pathumba, pakapepala ka m'thumbamo, ndi m'kope pamodzi ndi malo ake. Apa ndi pomwe atsopano amagwera. Inki ikafufutika, mwala wonyamulidwa tsiku lonse umasanduka wachabe, chifukwa palibe angaubweze pamapu. Chinanso, GPS ikapanda kutcheredwa mofanana ndi mapu akale, malo amaphonyeka ndi mamita mazana. Kampasi nayo imanama ikayandikira hamala kapena mwala wa magnetite, womwe umakoka ngati maginito. Valani malaya a manja aatali, chitedze sichiona digiri.

Dera lanu ndi sukulu payokha. Ku chilumba cha Chisi pa nyanja ya Chilwa kuli carbonatite, mtundu wa mwala womwe ku Songwe Hill ku Phalombe ndi ku Kangankunde ku Balaka uli ndi rare earths, michere ya m'miyala yomwe amagwiritsa ntchito popanga zipangizo zamagetsi. Si onse ophunzira ntchitoyi amathera kumigodi: ena amaloza pokumba mijigo, ena amayeza nthaka ya misewu ndi madamu.

Funso: Ndapeza mwala wonyezimira chikasu m'munda mwanga. Kodi ndi golide? Ndine mlimi wa ku Thondwe.

Yankho: Bambo, musathamangire kugulitsa mbuzi kuti mulembe aganyu okumba. Nthawi zambiri umakhala pyrite kapena mica, miyala yomwe imanyezimira ngati golide. Ugogodeni ndi hamala: golide amaphwatalala osasweka, pyrite amanyenyeka, mica amasendeka timapepala topyapyala. Mpeni umadula golide koma pa pyrite umaterera. Mukaukhutiza kumsana kwa thailosi kosapaka, pyrite amasiya mzere wakuda, golide wachikasu. Ngati mukukayikabe, tengani chidutswa mupite nacho ku Geological Survey, mutalemba malo enieni pomwe mwachitola. Kukumba kuti mugulitse kumafuna laisensi ya boma, ngakhale munda uli wanu.