Njanji ndi imodzi, nanga sitima zinkapatsana bwanji njira?

Bambo ena a ku Area 25 atilembera imelo. Akuti m'mawa uliwonse amadumpha njanji popita kuntchito ku Kanengo, ndiye akufunsa kuti: "Njanjiyi ndi imodzi yokha. Kale kulibe mafoni a m'manja, sitima yochokera ku Salima ndi yochokera kuno zinkalekeranji kugundana? Nanga bwanji sitima inkangoima patchire nthawi yaitali popanda chooneka?"

Zikomo bambo. Njanji mumadumphayo inafika ku Lilongwe mu 1979 ndi thandizo la dziko la Canada, n'kupitirira ku Mchinji mu 1980. Koma kayendetsedwe kake kanachokera kumwera, kumene kampani ya Shire Highlands Railway inafikitsa njanji ku Blantyre mu 1908 kuchokera ku Port Herald, komwe lero timati Nsanje. Nyasaland Railways inatenga ntchitoyi mu 1930 n'kufika ku Salima mu 1935, ndipo pambuyo pa ufulu inasanduka Malawi Railways. Likulu ndi malo okonzera mainjini zinali ku Limbe. Njanji yonseyi ndi yopapatiza, mamilimita 1,067 pakati pa zitsulo ziwirizo.

Lamulo lalikulu pa njanji yotere ndi ili: mtunda wa pakati pa masiteshoni awiri ndi wa sitima imodzi basi. Sitima isananyamuke, mkulu wa siteshoni ankaimba lamya ya kampani, ya mawaya otsata njanji, kupempha njira kwa mnzake wa kutsogolo. Winayo ayang'ane kaye m'buku ngati sitima yomaliza inafika yonse, avomere, onse awiri alembe nthawi. Kenako dalaivala ankapatsidwa chilolezo m'manja, kaya ndi chikalata chosainidwa kaya ndi kachitsulo kolembedwa maina a masiteshoni awiriwo. Popanda chimenecho sankasuntha, ngakhale atamuuza ndi bwana wamkulu. Akafika uko ankachipereka, n'kudikira china.

Mawu akuti "yonse" si ongokometsera. Mabogi amatha kuduka n'kutsala m'mbuyo, mutu n'kufika pa siteshoni ngati palibe chachitika. N'chifukwa chake bogi yomaliza, momwe mumakhala gadi, inkanyamula nyali yofiira kumbuyo. Mkulu wa siteshoni akapanda kuiona nyaliyo, njira imakhala yotseka.

Kuima patchire kuja ndi kupatsana njira. M'malo ena njanji imagawika pawiri kwa mtunda wokwana sitima imodzi, kenako n'kukumananso. Yofika msanga imapatukira pambali, wogwira mapointi (zitsulo zopatutsira sitima) amabweza chitsulo n'kuchikhoma ndi loko, ndiye kudikira inzake. Vuto lake nali: yochokera ku Balaka ikachedwa ola limodzi, yoidikira ku Golomoti yachedwanso ola, ndipo nayonso ichedwetsa ina kutsogolo. Kuchedwa pa njanji imodzi kumapatsirana ngati chimfine. Apaulendo ankatukwana dalaivala, pomwe iye analibe chochita.

Chachiwiri chomwe chinkalamulira tsiku ndi chitunda. Kuchokera ku Chiromo, m'chigwa cha Shire, kukafika ku Limbe sitima inkakwera mamita oposa 1,000, ikukhotakhota m'mbali mwa Ruo kudzera ku Sankhulani ndi Luchenza. Katundu amene injini ingakoke sawerengedwa potengera pachidikha, koma pamalo otsetsereka kwambiri pa ulendo wonsewo. Mukawonjeza bogi imodzi yokha pamwamba pa muyezo, mvula n'kuwaza pang'ono, mateyala achitsulo amangozungulira pamodzimodzi. Dalaivala amatsegula mchenga wouma kuti uthirike patsogolo pa mateyala. Zikakanika, sitima amaidula pawiri: theka akalisiye pa siteshoni ya kutsogolo, abwerere kudzatenga linalo, ndipo nthawi yonseyo njira ndi yotseka. Nthawi ya mainjini a moto panalinso ludzu. Injini inkaima pa thanki kumwa madzi, wosonkhezera moto akugumula phulusa, ndipo mpope wa pamtsinje ukafa m'chilimwe sitima zonse zaima. Mainjini a dizilo anathetsa vuto limeneli, koma chitunda chilipobe.

Pa siteshoni yaikulu mukanaona munthu akuyenda m'mbali mwa sitima ndi kahamala ka mpini wautali, akugogoda teyala lililonse. Labwino limalira ngwee, long'aluka limamveka mogonthera. Dzanja linalo akukhudza kabokosi ka kumapeto kwa ekiselo, momwe munali thonje lonyowa ndi oilo. Oiloyo akauma, chitsulo chimatentha mpaka kufuka utsi, ekiselo n'kuthyoka sitima ili paliwiro. Bogi yotentha ankaichotsa pomwepo, ngakhale mwini katundu alire chotani.

Koma amene ankasunga moyo wa anthu, kwa ife, ndi kapitawo ndi gulu lake, aliyense ndi chigawo chake cha njanji. Ntchito yawo inali kumanga mabawuti, kutsendera miyala pansi pa masilipa (mitanda yogonekapo njanji) ndi kutsegula ngalande. Masilipa ambiri anali achitsulo chifukwa amatabwa ndi ndiwo za chiswe. M'mwezi wa Okutobala chitsulo chimatalika ndi kutentha, ndipo timipata ta pamalumikiziro tikatsekeka njanji imapindika ngati njoka. Dzinja ndiye loopsa: madzi amakokolola dothi, njanji n'kutsala lendee m'malere koma patali ikuoneka yabwinobwino. Mvula yamphamvu ikagwa, woyendera njanji ankatuluka wapansi ndi mbendera yofiira sitima isanadutse. Nthawi zina madzi ankapambana: mu 1997 anakokolola njanji ku Chiromo, ulendo wa ku Nsanje n'kuduka.

Ndalama sizinkachokera kwa apaulendo kwenikweni. Zinkachokera ku tiyi wa ku Thyolo ndi Mulanje, fodya, thonje ndi mtedza zopita kudoko la Beira, ndipo kuyambira 1970 la Nacala kudzera ku Nkaya ndi Nayuchi, kenako mafuta ndi feteleza zobwera. Mutu wa kalaliki wa katundu unkauma ndi mabogi opanda kanthu. Msika wa fodya ukatsegulidwa ku Kanengo aliyense akufuna bogi tsiku limodzi, pomwe mabogiwo ali ku Mozambique kudikira kutsitsidwa. M'mawa uliwonse siteshoni iliyonse inkaimba ku Limbe kunena manambala a mabogi ali pamalopo, odzaza ndi opanda kanthu, ndipo pa manambala amenewo ndi pomwe ankapangira sitima za tsikulo.