Kosi ya ku Australia siidzakupatsa mphamvu yomangitsa ukwati kuno

Mnyamata wina wa ku Lilongwe wandilembera motere:

"Achimwene, ndinalemba Fomu 4 zaka ziwiri zapitazo, ndinapeza mapointi 28 ndipo ku yunivesite sananditenge. Panopa ndimakhala MC m'maukwati Loweruka. Ndaona pa Facebook kosi ya pa intaneti ya ku Australia yophunzitsa omangitsa ukwati, akuti ukamaliza umamangitsa maukwati n'kumalipidwa. Mayi anga akuti ndisiye zimenezo, ndikalowe ubusa poti abusa ndiwo amadalitsa ukwati ndipo sagona ndi njala. Ndasungako kandalama. Ndilipire kosiyo kapena ndimvere mayi? Tulo sindikupeza."

Makalata otere sasowa pa tebulo langa. Chimasintha ndi dzina la kosi basi.

Mphwanga, ndalamazo usatumize. Sindikuti kosiyo ndi yabodza, koma anaikonzera dziko lina lokhala ndi lamulo lake. Ku Australia ntchito imeneyi ilipodi. Inayamba mu 1973, pamene Lionel Murphy, nduna yoona za malamulo nthawiyo, anayamba kusankha anthu wamba kuti azimangitsa ukwati wa amene safuna wa kutchalitchi komanso safuna kukangosainirana mu ofesi. Woyamba kusankhidwa anali mayi, Lois D'Arcy. Lero maukwati pafupifupi 8 mwa 10 aliwonse kumeneko amamangitsidwa ndi anthu oterewa, m'munda, m'mbali mwa nyanja, paliponse pamene eni ake akonda.

Komatu ngakhale kumeneko setifiketi payokha sipatsa munthu mphamvu. Ukamaliza maphunziro otchedwa Certificate IV in Celebrancy umapempha ku Attorney-General's Department, unduna wawo wa za malamulo, iwo amafufuza mbiri yako ngati ndiwe woyenera, akakuvomera amakulemba m'kaundula. Chaka chilichonse umalipira kuti dzina lako lisachotsedwe, umachitanso maphunziro owonjezera. Ndipo mphamvu imeneyo imathera m'malire a Australia. Ukatsika nayo pa Kamuzu International Airport ndi pepala chabe. Chimene otsatsa sanena n'chakuti omangitsa ukwati achuluka kwambiri kumeneko, moti ambiri ali ndi ntchito ina imene imawadyetsa.

Kuno kwathu lamulo la mabanja la 2015, Marriage, Divorce and Family Relations Act, limavomereza ukwati wa kuboma, wa chipembedzo, wa chikhalidwe, ndi uja wodziwika chifukwa anthu akhalira limodzi nthawi yaitali ngati banja. Wa kuboma umamangidwa ku ofesi ya Registrar General kapena kwa DC, chidziwitso chitakhomedwa masiku 21 kuti wodziwa choletsa anene. Wa chipembedzo ndi wa abusa, ansembe ndi mashehe. Wa chikhalidwe umayenda ndi ankhoswe, ndipo unkhoswe sachita kulembera kalata yofunsira ntchito. Ukaona bwino, mphamvu yomangitsa ukwati ili pa udindo umene munthu wakhalapo. Mpando wa munthu woyima payekha, wongoitanidwa pafoni kuti bwerani mudzatimangitse ku Salima, mulibe m'lamulomo. Ukachita mwambo wotero, anthu adzavina, keke adzadula, koma setifiketi imene uwapatse sidzamuthandiza mkwatibwiyo tsiku limene akuchimuna adzabwere kudzalanda katundu.

Tsopano kwa inu mayi. Ndikunena mwaulemu, koma zimene mukumuuza mwanayu zandikwiyitsa. Ubusa si kothawira ulova. Mu CCAP munthu amadutsa m'manja mwa akulu a mpingo wake mpaka ku sinodi asanakaphunzire ku Zomba kapena ku Nkhoma, ndipo maphunzirowo ndi a zaka. Ku Katolika ndiye njira ya ku maseminale a Kachebere ndi St Peter's ndi yaitali koposa, ndipo pamapeto pake mpongozi simudzamuona. Mwaona envulopu ya Loweruka. Simunaone maliro atatu sabata imodzi, odwala m'midzi nthawi ya dzinja msewu utaduka, ndi banja limene limagogoda usiku litamenyana. M'kalata yonse mwanayu sanatchulemo maitanidwe. Mukamukankhira kumeneko mudzavutitsa iye, mudzavutitsanso nkhosa.

Nawenso mphwanga ndisakusiye. Zaka ziwiri zonsezi wakhala ukudikira chiyani? Mapointi 28 sasungunuka ndi kukhala. Anzako amene anabwereza chaka chotsatira ali m'kalasi pano, iwe ukusanthula Facebook kufunafuna njira yachidule.

Njira imene ndimaikhulupirira ndi iyi, ngakhale ndi yotopetsa. Kandalamako kalipire sukulu yamadzulo, ubwereze MSCE, makamaka Chingerezi ndi maphunziro amene anakugwetsa. Ngati mtima wako ulidi pa zomangitsa ukwati, khomo lake ndi maphunziro a malamulo kapena a kayendetsedwe ka boma, monga amene amaphunzitsidwa ku University of Malawi ku Zomba, chifukwa ogwira ntchito kwa Registrar General ndi m'maofesi a DC amachokera ku maphunziro otere. Udziwiretu kuti kumeneko ukwati ndi kachigawo chabe ka ntchito. Masiku ambiri adzakhala a mafayilo, ndipo malipiro ndi a boma. Palibe amene adzakuponyere ndalama.

Pakali pano u-MC usaunyoze. Ndinakhalapo pa ukwati wina pamene perekani-perekani anazizira, holo ili zii, lichero lili pululu. MC anaitana anzake a mkwati a kumsika, n'kupempha nyimbo imene ankaidziwa kuti amayiwo sangakhale nayo pansi, ndipo posakhalitsa osintha ndalama anali thukuta kamukamu. Luso limenelo silipezeka pa intaneti, ndipo ngati anthu akukuitanabe Loweruka lililonse ndiye kuti uli nalo. Chimene ukusowa ndi dongosolo. Gula kope, uzilemba ukwati uliwonse, ndalama imene mwagwirizana ndi imene alipiratu. Usamadikire kuti komiti ikuganizire zotsala madzulo.

Lamulo lija la 2015 uliwerengenso, ngakhale magawo a ukwati okha. Komiti zambiri zimatha miyezi kukangana za mtundu wa nsalu, n'kukumbukira za masiku 21 kutatsala sabata. MC amene amafunsa msanga ngati chidziwitso chaperekedwa, ngati mboni ziwiri zilipo, ngati onse akwanitsa zaka 18, ameneyo mabanja amapatsirana nambala yake. Ndipo ukadzamva kuti mkwatibwi ndi mwana wa sukulu, maikolofoniyo usaigwire ngakhale alipire kawiri.

Lolemba pita pa sekondale imene ili pafupi ndi kwanu ukafunse za sukulu yamadzulo ndi nthawi yolembetsa mayeso a MANEB. Ukalembetsa undilemberenso, tikambirane za maphunziro oti usankhe.