Tifunseni: Google Forms ikulakwitsa ana anga amene akhoza

FUNSO

Zikomo akonzi. Ndine mphunzitsi wa Agriculture pa CDSS ina kuno ku Chamama, Kasungu. Holide yapitayi ndinati ana a Fomu 4 asangokhala, ndiye ndinakonza mayeso pa Google Forms nkuponya link pa gulupu ya WhatsApp ya makolo. Koma zandivuta. Funso lina linali loti atchule feteleza wobereketsa chimanga, ine pa answer key ndinalemba Urea, ndiye mwana amene analemba "urea fertilizer" yamulakwitsa, wina analemba CAN yamulakwitsanso chonsecho ndi zoona, mpaka mayi ake anandiimbira foni kudandaula. Anzanga akuti ndizingoika multiple choice yokhayokha basi. Kodi nditero?

Mphunzitsi, Chamama

YANKHO

Aphunzitsi, choyamba mwachita bwino kwambiri, ana a Fomu 4 akakhala holide yonse osagwira kope zambiri zimauluka. Koma foniyo musaikwiyire, iyo sidziwa feteleza, imangoyang'ana ngati zilembo zimene mwana walemba zikufanana ndi zimene inu munaika, zikasiyana pang'ono basi yathetha.

Pa funso la short answer ngati limenelo, answer key imalola kuika mayankho angapo. Ikani Urea, urea, UREA, urea fertilizer, CAN, ndi ena onse amene mukudziwa kuti ana anu amalemba, inuyo mumawadziwa kuposa makina. Ndipo kabokosi kaja kolembedwa "Mark all other answers incorrect" musakachonge, kuti yankho lachilendo lidikire maso anu. Chinanso chimene chikanakupulumutsani kwa mayi aja: ku Settings sankhani kuti malikisi atuluke "Later, after manual review", osati pompopompo mwana akangotumiza. Mumayamba mwadutsamo kaye, mwakonza zolakwika, kenako nkuwauza.

Tsono za anzanuwo, ine sindikugwirizana nawo. Multiple choice ndi yabwino inde, imachongeka yokha ndipo sidya bandulo yambiri, koma taganizani, funso la mayankho 4 mwana wongolota ali ndi mwayi umodzi pa 4, ndiye pa mafunso 20 atha kutola malikisi ngati 5 asanawerenge kalikonse, ndipo True or False ndiye kuposa, 10 pa 20. Komanso mwana ali kunyumba, kope lili pambali, mkulu wake ali pompo, funso loti "feteleza uti ali ndi 46% nitrogen" angotsegula notes nkukopera. Ndiye mukamaika multiple choice funsani zofuna kuganiza, mwachitsanzo mlimi wa kwa Wimbe chimanga chake chafika m'mawondo koma masamba am'munsi achita chikasu, chikusowa chani? Ndipo mayankho olakwikawo asakhale oseketsa, akhale zimene ana amasokoneza zenizeni mkalasi, monga phosphorus ndi potassium. Mukatero Forms imakuonetsani pa Responses kuti ambiri anagwera pati, ndipo sukulu ikatsegulira mukudziwa poyambira. Muyatsenso shuffle kuti A wa uyu asakhale A wa mnzake, poti akatumizirana "1B 2D 3A" pa WhatsApp ziwasokonekere.

Koma chimene ndikufuna mumvetse kwambiri ndi ichi, ana amenewa akukalemba MSCE, ndipo a MANEB akafuna mwana afotokoze ndi cholembera chake, explain, describe, give two reasons. Mwana wozolowera kungodina A kapena C dzanja limauma akaona mizere yopanda kanthu. Choncho pa mayeso alionse muikemo mafunso awiri kapena atatu a paragraph, amenewo Forms sichonga, muchonga nokha. Lembani marking scheme musanatumize link, kuti mfundo iyi malikisi 1, chifukwa chake malikisi 1, ndipo pochonga tengani funso limodzi mudutse nalo ana onse kenako lachiwiri, dzanja limakhala lofanana kusiyana nkumaliza mwana mmodzi mmodzi mutatopa usiku.

Ine ndikanakhala inu ndikanaika multiple choice 15, short answer 3, paragraph 2. Osapitirira apo, ambiri akubwereka foni ya bambo awo.

Pa nkhani ya foniyi samalani ndi "Limit to 1 response" (kuyankha kamodzi kokha) ndi file upload (kutumiza chithunzi kapena fayilo pa Forms pomwepo), zonsezi zimafuna mwana alowe ndi akaunti ya Google, ndipo ana awiri apakhomo limodzi ogwiritsa foni imodzi wachiwiriyo akanidwa. Bola funso loyamba likhale dzina ndi kalasi. Nthawinso musaike ya ola limodzi, netiweki ya kumudzi mukuidziwa, magetsi akathima foni yazima, apatseni tsiku lonse kapena masiku awiri. Amene kulemba pafoni kukumuvuta alembe mayankho aataliwo mukope, ajambule, akutumizireni ku inbox osati pagulupu. Ndipo amene alibiretu foni musawalembe 0, asungireni pepala lomwelo adzalembe tsiku lotsegulira.