Funsani Dokotala: Ndinasiya mankhwala a impso poopa kuti chitetezo chitsika

Adokotala, ndine mayi wa zaka 29. Kuchipatala anandipeza ndi lupus, akuti yafika ku impso. Miyendo imatupa, mkodzo umachita thovu. Anandipatsa prednisolone ndi mankhwala ena, koma nditamva kuti amatsitsa chitetezo cha m'thupi ndinasiya, patha masabata atatu. Pano ndikumwa zowonjezera chitetezo zimene mnzanga anandigulira, komanso ibuprofen m'thupi mukamaphwanya. Kodi ndalakwa?

Mayi, za kutupa mwangozitchula modutsa. Chakusowetsani tulo ndi mawu aja akuti kutsitsa chitetezo. Tinazolowera kumva kuti munthu chitetezo chikatsika ndiye kuti zavuta, choncho mantha anu ndikuwamvetsa. Koma inde, kusiyako mwalakwitsa, ndipo masabata atatu ndi ambiri.

Maganizo akuti chitetezo chikachuluka ndiye thanzi ndi amene akukupwetekani. Vuto la lupus si kuchepa kwa asilikali a m'thupi ayi. Asilikaliwo alipo, koma asokonezeka, akumenya thupi lawo lomwe. Mmene zimenezi zimawonongera impso zinadziwika bwino chifukwa cha akatswiri ngati Frank Dixon wa ku America. M'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 iye ndi anzake ankabaya akalulu mapuloteni achilendo n'kumatsatira kumene akupita. Anaona kuti ma antibody, zida zimene asilikali a m'thupi amapanga polimbana ndi zachilendo, amagwirana ndi mapuloteniwo n'kupanga timibulu timene timayenda m'magazi mpaka kukakodwa m'tisefa ta impso. Pamenepo pamayamba kutupa, sefa n'kubooka. Ntchitoyi inam'patsa mphoto ya Lasker mu 1975, ndipo madokotala mpaka lero timadalira nzeru imeneyi tikamaunika kachidutswa ka impso ya wodwala lupus.

Impso iliyonse ili ndi tisefa pafupifupi 1 miliyoni. Thovu mukuliona mumkodzolo ndi mapuloteni amene anayenera kutsala m'magazi koma akudontha. Akachepa m'magazi, madzi amathawira m'miyendo. Chimene chimandiwawa n'chakuti kasefa kakapsa n'kuchita chipsera sikameranso, komanso impso siziwawa pamene zikuwonongeka. Munthu amatha kumva bwinobwino uku njira ya ku makina osefa magazi a dialysis ikufupika.

Mankhwala munapatsidwawo ntchito yake ndi kuziziritsa nkhondoyi, pa mlingo woyezedwa. Sindikubisirani: amachititsa kuti matenda ena akugwereni mosavuta, ndipo prednisolone amanenepetsa nkhope, amakweza shuga ndi BP. N'chifukwa chake mlingo wake amautsitsa pang'onopang'ono matenda akamazizira. Kumusiya mwadzidzidzi n'koopsa pakokha, chifukwa thupi limakhala litachepetsa kupanga cortisol wake, homoni yachilengedwe imene prednisolone amalowa m'malo mwake, ndiye munthu amatha kufooka, kusanza, BP n'kugwa.

Mnzanuyo amakukondani, koma sanaonepo zotsatira za magazi anu. Zowonjezera chitetezozo sitidziwa n'komwe muli chiyani, ndipo impso yodwala ndi imene iyenera kuzisefa. Ibuprofen ndi mnzake diclofenac amachepetsa magazi opita ku impso. Ibuprofen mukumwayo musiyeni lero.

Musayambirenso mapiritsi akale panokha. Pitani kumene amakuonani mawa, osadikira tsiku lolembedwa. Tengani mabotolo onse, ndi a mnzanu omwe, ndipo nenani mosabisa tsiku limene munasiya. Mwina akudzudzulani pang'ono, koma mlingo woyambira utengera yankho limenelo. Akuyezeni BP, mapuloteni a mumkodzo ndi creatinine wa m'magazi, amene amaonetsa mmene impso zikusefera, kenako afananize ndi zakale. Ngati mkodzo wachepa kwambiri, mukubanika, mukusanza kapena thupi latentha, nyamukani usiku womwe uno.

Muli ndi zaka 29, ndiye ndifunse chimene simunafunse. Ngati mukuganiza zotenga mimba, kapena mukukayikira kuti muli nayo, auzeni asanakulembereni mankhwala. Mwa mankhwala a lupus, mycophenolate ndi cyclophosphamide amavulaza mwana m'mimba, pamene azathioprine ndi hydroxychloroquine timawagwiritsa ntchito ngakhale kwa amayi oyembekezera.