Deta ya majini: tizigawana kapena aliyense asunge yake?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amagwira ntchito mu labotale. Funso lawo ndi ili: "Ndimamva akuluakulu akunena kuti mayiko oyandikana azigwirira limodzi ntchito ya bioinformatics, azigawana deta komanso kuphunzitsana. Koma ife timakhetsa thukuta kutolera masampulo, ena n'kutenga deta yathu, kukalembera mapepala a kafukufuku n'kutchuka nayo. Bwanji dziko lililonse lisangogula makina ake n'kumasunga zake?"

Mayi, dandaulo lanu ndi lomveka, ndipo sindilizemba. Koma ndiyambire pa makinawo.

Makina owerenga DNA masiku ano sakusowa ngati kale. Mu 2015, Ebola ili mkati, akatswiri ankawerenga majini (malangizo a chibadwa cha chamoyo) a kachilomboko ku Guinea komweko ndi kachipangizo kotchedwa MinION, kakang'ono koti n'kulowa m'thumba la malaya. Mutu umayamba kuwawa makina akamaliza ntchito yawo. Amalavula tizidutswa tambirimbiri ta zilembo zinayi zokha, A, C, G ndi T, tosakanikirana. Majini a kachilombo ka COVID-19 ali ndi zilembo pafupifupi 30,000, a munthu pafupifupi 3 biliyoni. Kulumikiza tizidutswati, kuchotsamo zolakwika ndi kupeza tanthauzo lake, imeneyo ndiye bioinformatics. Imafuna munthu wodziwa sayansi ya zamoyo, masamu komanso kulemba mapulogalamu a kompyuta, zonse m'mutu umodzi. Anthu otere ndi owerengeka, ndipo akangoidziwa bwino ntchito, malipiro a kunja amawakopa. Makina mukhoza kugula mwezi uno, koma munthu wotere simumupeza pa sitolo.

Apa m'pamene mgwirizano umaonetsa phindu lake. Mu 2012 kunakhazikitsidwa H3ABioNet, yolumikiza mayunivesite ndi malo ofufuzira a m'mayiko ambiri a mu Africa, motsogozedwa ndi Pulofesa Nicola Mulder wa ku University of Cape Town. Chimene chimandisangalatsa ine ndi mmene ankaphunzitsira. Mphunzitsi mmodzi ankajambula phunziro, makalasi a m'mayiko osiyanasiyana n'kumalionera nyengo imodzi, kalasi iliyonse ili ndi othandizira ake pamalopo, kenako onse n'kukumana pa intaneti kufunsa mafunso. Dziko lopanda mphunzitsi wake linkabwereka wa dziko lina popanda munthu kukwera ndege. Kujambuliratu phunziroko kunali kuganiza mwanzeru, pakuti intaneti ndi magetsi tonse timadziwa khalidwe lake.

Chachiwiri, deta yosungidwa payokha imanena zochepa. Mukawerenga majini a kachilombo mu labotale yanu, mudziwa bwanji kuti ndi kachilendo ngati mulibe zoyerekezera? Mu Novembala 2021, gulu la wasayansi Sikhulile Moyo ku Botswana ndi akatswiri a ku South Africa anaona masampulo a kachilombo ka COVID-19 okhala ndi kusintha kochuluka modabwitsa. Poyerekeza ndi zimene ena anaika kale poyera, anazindikira kuti uwu ndi mtundu watsopano, ndipo analengeza mwamsanga. Pa 26 Novembala bungwe la WHO linautcha Omicron.

Ndiye chinatsatira n'chiyani? Mayiko olemera anatseka maulendo a ndege ochokera kummwera kwa Africa. Amene anachenjeza anzawo ndi amene analangidwa. Choncho mukamanena kuti wogawana deta amatsala manja lende, simukunama ayi.

Mkangano umenewu ndi wakale. Mu 2007 dziko la Indonesia linakana kutumiza masampulo a chimfine cha mbalame cha H5N1, ponena kuti makampani akupangira katemera amene anthu ake sakanakwanitsa kugula. GISAID, nkhokwe ya pa intaneti ya deta ya majini a tizilombo imene inayamba kugwira ntchito mu 2008, inayesa kuyankha dandaulo lotere: wofuna kuona deta amalembetsa dzina, amavomera kutchula labotale imene inatulutsa detayo, komanso kuyesetsa kugwira nayo ntchito limodzi. Ku GenBank, nkhokwe ina ya deta ya majini, n'kosiyana, aliyense amangotenga momasuka. Nayo pulogalamu ya H3Africa, yofufuza majini ndi umoyo wa anthu a mu Africa, inaika lamulo loti eni kafukufuku akhale ndi nthawi yoyamba kusanthula deta yawo ena asanaigwiritse ntchito. Malamulowa sathetsa kuba konse, koma taonani kuti labotale imodzi payokha sikanatha kuwakakamiza. Anatheka chifukwa anthu ambiri anayankhula ndi pakamwa pamodzi.

Nkhawa yanga ine ili kwina. H3ABioNet inkayendera ndalama za NIH, bungwe la boma la America loona za kafukufuku wa zaumoyo. Thandizo lotere limakhala ndi tsiku lothera, pamene seva, kompyuta yaikulu yosungira deta, imafuna magetsi, malo ozizira ndi munthu woisamalira chaka ndi chaka. Ku Ulaya, mgwirizano wawo wa ELIXIR umasonkheredwa ndi mayiko amene ali mamembala. Boma limene likufuna kuti deta ya anthu ake isatuluke mwachisawawa liyenera kuvomera kulipirira nkhokwe yoisungira, apo ayi idzasungidwa ndi amene akulipira.

Kwa inu mayi, malangizo anga ndi awa. Musabise deta, koma musaipereke musanaone chikalata cha mgwirizano. Funsani kuti isungidwa kuti, ndani aziloleza ena kuiona, mayina a ndani alembedwa pa pepala la kafukufuku, ndiponso ngati odwala amene anapereka magazi anauzidwa kuti deta yawo idzadutsa malire. Ndipo limbikirani mfundo imodzi iyi: munthu mmodzi wa mu labotale yanu akhale nawo pa kusanthula detayo kuyambira poyamba mpaka pomaliza, osati kungotumiza masampulo. Ngati palibe wina wofuna, dziperekeni nokha. Poyambira pake ndi kuphunzira pang'onopang'ono Linux (pulogalamu yoyendetsa kompyuta) ndi Python (chilankhulo cholembera mapulogalamu), ndipo laputopu wamba ndi yokwanira.