Akapeza ntchito asiya kumumenya?

Mayi wina wa ku Ulongué, ku Mozambique, wandilembera imelo. Mng'ono wake wa zaka 19 anakwatiwa ku Moatize, ndipo chichotsedwere ntchito mwamunayo, m'nyumba muli zibakera zokhazokha. Akuluakulu akuti apirire, bambo akapeza pogwira mtima ukhala m'malo. Funso la mayiyo n'lakuti, kodi ndi ulova ukumumenyetsa?

Achemwali, ulova ulibe manja. Alipo amuna ovala zipewa za pamgodi, olandira mwezi ndi mwezi, koma akazi awo amapita kumsika atakulunga chitenje kumaso. Komabe sindikana kuti ulova umasonkhezera moto. Mgodi waukulu wa malasha utatsegulidwa ku Moatize mu 2011, anyamata anakhamukira kumeneko kuchokera ku Angónia, Tsangano ndi Macanga, kusiya minda ya fodya ndi mbatatesi. Zomangamanga zitatha makontalakiti anathanso, ambiri n'kutsala m'nyumba za lendi. Mwamuna wongokhala amayamba kuwerengera mkazi nthawi imene watha kumpopi. Amafufuza foni yake. Madzulo amamasula mfundo ya pachitenje, n'kutenga timakobiri ta mandasi kukamwera kachasu, mkazi akafunsa akuti wayamba mwano.

Koma ulova umene ukundisowetsa tulo ine ndi wa mng'ono wanuyo. Kumudzi, makamaka kwa ife a chikamwini, mkamwini akakweza dzanja amalume amamva kulira ali pakhonde pawo. Ku Moatize ankhoswe ali kutali, ndipo mtsikana wopanda ngakhale ya chapa (minibasi) athawira kuti? Amene akumumenyayo ndi yemwenso amagula ufa.

Tsono musadikire ntchito ya alamu anu. Lamulo 29/2009 limati nkhanza za m'banja ndi mlandu wa boma, choncho ngakhale inuyo mutha kukadandaula kupolisi, ku ofesi ya Gabinete de Atendimento yoona za mabanja ndi ana. Ngati ali ndi mabala ayambe wapita kuchipatala, akalembedwe. Ngati anamukwatira asanakwane zaka 18, Lamulo 19/2019, loletsa maukwati a ana, likumukhudzanso mwamunayo.

Lero lomwe mutumizireni ya ulendo pa M-Pesa, koma pa nambala ya mnzake wodalirika, osati pa foni imene imagona m'thumba la bamboyo. Ankhoswe adzakambirana iye ali kale kwanu.